Ndikufuna kukaphunzira kuphika zakudya za ku Mexico: ndiyambire pati?

Funso: "Ndine mayi wa ku Malawi koma ndikugwira ntchito ku Britain. Kuphika ndimakukonda, moti ndikadzabwerera kumudzi ndikufuna kudzatsegula kamalo kodyera. Ndasunga kandalama ndipo ndili ndi tchuthi cha masabata atatu. Maganizo anga ndi oti ndipite ku Mexico ndikaphunzire zakudya zawo zenizeni, osati izi timadya m'malesitilanti a kuno. Ndalemba malo asanu: Mexico City, Puebla, Oaxaca, Mérida ndi Cancún. Koma nkhawa ndili nazo. Chisipanishi sindichidziwa, nkhumba sindidya, ndipo ndimamva kuti alendo ambiri amadwala m'mimba. Ndinayesapo kupanga tortilla ndi mgaiwa wathu koma zinangoyoyoka. Kodi makalasi a tsiku limodzi amene amalengezedwa pa intaneti aja ndi othandiza, kapena ndikangotaya ndalama?"

Mayi, zikomo chifukwa cha kalata yanu. Mtima ukhale pansi. Ulendowu ndi wotheka, ndipo inuyo mukayambira patali kusiyana ndi alendo ambiri amene ndakhala ndikuwaona akuvutika m'makhitchini a ku Mexico. Munthu amene anakula akutonola chimanga, akupeta, akuvundula nsima, amene amadziwa kuti nyemba zapsa pongoitswanya imodzi ndi zala, manja a ntchitoyi ali nawo kale. Chimanga chathuchi kwawo n'komweko. Anthu a kumeneko anayamba kuchilima zaka pafupifupi 9,000 zapitazo kuchokera ku udzu wotchedwa teosinte, cha m'chigwa cha mtsinje wa Balsas, ndipo ku Africa chinadzafika ndi zombo za Apwitikizi m'zaka za m'ma 1500. Munda wawo wachikale, umene amautcha milpa, amaphatikizamo chimanga, nyemba ndi maungu. Mukalowa mumsika wa ku Oaxaca mukapeza bonongwe ali pamulu akumutcha quintoniles, mukapeza nsonga za nkhwani zimene amaphikira msuzi wotchedwa sopa de guías, mukapezanso ziwala zokazinga ndi mchere, adyo ndi mandimu, zimene iwo amati chapulines. Kumeneko simukasochera.

Tiyambe ndi tortilla zanu zinayoyoka zija, chifukwa phunziro lalikulu la ulendo wonse lagona pamenepo. Vuto silinali manja anu ayi, linali ufa. Mgaiwa, ngakhale ufa woyera, sungagwirane n'kupanga chitumbuwa chopyapyala chopindika. Ku Mexico chimanga sachigaya chouma. Amayamba achiwiritsa m'madzi a laimu wodyedwa, amene iwo amati cal, n'kuchisiya chigone m'madzi omwewo usiku wonse. M'mawa amachitsukuluza, kuchitikita ndi manja kuti khungu lina lichoke, kenaka n'kuchigaya chikadali chonyowa. Chimanga chophikidwa moteremu ndiye nixtamal, ndipo phala lolimba limene limatuluka pogaya ndiye masa. Laimu uja amafewetsa khungu la chimanga n'kusintha mkati mwake kuti masa azigwirana, azinunkhira mwa mtundu wake. Amamasulanso vitamini B3 amene m'chimanga wamba thupi limalephera kumutenga, amawonjezera kashiamu, komanso amachepetsako poizoni wa chuku. Chimanga chitafalikira m'maiko ena, luso limeneli linatsalira, n'chifukwa chake matenda a pelagra anazunza anthu odalira chimanga ku Italy, ku Spain ndi kum'mwera kwa dziko la United States. Kwathunso anavuta kwambiri m'misasa ya anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique cha m'ma 1990.

Muyeso wake ndi wosavuta: kilogalamu imodzi ya chimanga, magalamu 10 a cal, madzi malita awiri kapena atatu. Chovuta ndi kudziwa nthawi yophula, ndipo chimenechi buku silingakuphunzitseni. Mayi wodziwa amatola njere imodzi mumphika, kuitikita ndi zala kuti aone ngati khungu likusupuka, n'kuiluma: kunja ikhale yofewa, pakati pakhale poyera ndi polimbirako. Mukapyoletsa kuphika, masa amamata m'manja ndipo sasiyana ndi chopanira tortilla. Mukaphula msanga, amang'ambika m'mbali. Laimu akachuluka, masa amachita chikasu n'kumawawa kukhosi. Chimanga cha mtundu wina chimapsa m'mphindi 20, china chimadutsa 40. Zimenezi muyenera kukaziona ndi maso, kukazigwira, kukaziluma, tsiku ndi tsiku. Ine nditati ndikusankhireni chinthu chimodzi chokha choti mukabwere nacho, n'chimenechi.

Tsono mndandanda wa malo asanu uja ndikupempheni kuti muudule. Akulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Mexico ndi dziko lalikulu zedi, ndipo chigawo chilichonse chili ndi kaphikidwe kakekake. Kuchoka ku Mexico City kupita ku Oaxaca pa basi ya ADO ndi maola 6 kapena 7. Kukafika ku Mérida ndiye ulendo wa ndege, apo ayi usiku wathunthu ndi chigawo cha tsiku muli pampando. Mukayenda malo onsewo m'masabata atatu mukalawa zambiri, mukajambula zithunzi zokongola, koma pobwera manja anu adzakhala mmene anapitira. Kuphika kumalowa m'manja mwa kubwereza, ndipo amayi amene amadziwa zinthuzi samasukira munthu amene amuona lero lokha.

Ndikanakhala inu ndikanagona masiku ochepa ku Mexico City pofika, kenaka n'kukakhazikika ku Oaxaca kwa masabata awiri athunthu. Ku Mexico City pitani kumsika wa La Merced m'mawa, ndi munthu wodziwa njira, mukaone milu ya tsabola wouma ndi mitundu ya nyemba kuti maso azolowere. Ku Puebla mutha kuima usiku umodzi panjira, poti ndi maola awiri okha kuchoka mumzinda waukulu, mulawe mole poblano, msuzi wolimba wa tsabola wouma, kwawo kwake. Cancún ichotseni, ndi mzinda wa mahotela umene unamangidwira alendo m'zaka za m'ma 1970. Mérida ndiyo imandipweteka kuichotsa, chifukwa kaphikidwe ka anthu a mtundu wa Maya, ka njere zofiira zokometsera chakudya zotchedwa achiote, malalanje owawasa ndi nyama yophikidwa m'dzenje itakulungidwa m'masamba a nthochi, ndi kokoma kwabasi. Koma zakudya zake zotchuka, monga cochinita pibil ndi poc chuc, ndi za nkhumba, ndiye kwa inu kudikire ulendo wina. Chigawo cha Michoacán nachonso n'cholemera, moti bungwe la UNESCO polemba kaphikidwe ka ku Mexico m'kaundula wa chuma cha chikhalidwe mu 2010 linatengera chitsanzo cha kumeneko. Kungoti madera ena a chigawochi chitetezo chake n'chovuta, ndipo si koyambira munthu woyenda yekha wosadziwa chilankhulo.

Oaxaca ndimaikonda chifukwa zonse zili pafupi. Pakati pa mzinda pali misika ya Benito Juárez ndi 20 de Noviembre, chapambali pali msika waukulu wa Central de Abastos. Lamlungu kuli msika wa ku Tlacolula, kumene amayi a mtundu wa Zapotec amabwera ndi zokolola kuchokera m'midzi yozungulira, ndipo nyama ya mbuzi ndi nkhosa yophikidwa m'dzenje, barbacoa, imapezeka m'mawa. Kufupi ndi kumeneko kuli mudzi wa Teotitlán del Valle, kwawo kwa Abigail Mendoza, mayi wodziwika padziko lonse amene mpaka lero amapera pamphero, imene iwo amati metate, pamalo ake odyera a Tlamanalli. M'midzi imeneyi chimanga cha makolo, choyera, chachikasu, chofiira ndi chobiriwira modera, chikulimidwabe.

Za makalasi a tsiku limodzi, yankho langa ndi loti ndi othandiza mukadziwa chimene mukugula. Kawirikawiri amayamba ndi kuyenda mumsika, kenaka kuphika zakudya zitatu kapena zinayi, n'kumaliza ndi kudyera limodzi. Ambiri amaphunzitsa m'Chingerezi. Kalasi imodzi kapena awiri m'masiku oyamba adzakupatsani maina a zinthu ndi kukuchotsani mantha. Kuipa kwake n'koti m'makalasi ena ntchito yeniyeni imakhala itagwiridwa kale dzulo lake ndi amayi amene simuwaona. Inu mumangopatsidwa mpeni n'kudula anyezi, kutakasa pang'ono, basi mole wapsa. Musanalipire, lembani uthenga mufunse: m'kalasi mumakhala anthu angati? Masa tipanga tokha kuchokera ku chimanga, kapena ndi ufa wa m'paketi wa Maseca? Wophunzitsa ndi ndani, ndipo amaphika zimenezi kunyumba kwake? Kalasi ya anthu opitirira asanu ndi atatu ndi chionetsero chabe. Ndipo musatenge makalasi otere tsiku lililonse, ndalama zingathe mukubwereza guacamole, amene ndi mapeyala osinja chabe.

Njira imene ndaona ikupindulitsa anthu kwambiri ndi yokhala pabanja. Sukulu zambiri zophunzitsa Chisipanishi ku Oaxaca zimapezera ophunzira awo nyumba zogonamo ndi kudyamo. Mukalembetsa maola awiri kapena atatu a chilankhulo m'mawa, mwapeza ziwiri nthawi imodzi. Nenani poyambirira kuti mukufuna banja limene mayi wake amaphika yekha ndipo angalole mlendo kukhitchini. Chakudya chachikulu kumeneko, comida, chimadyedwa pakati pa 2 ndi 4 koloko masana, choncho moto umayaka cha m'ma 11 kapena 12. Muzikhala mutabwerako nthawi imeneyo. Yambani ndi kutsuka mbale, kusankha nyemba, kuchotsa njere m'tsabola. Musafulumire kugwira mthiko wa mwini nyumba. Pakapita masiku adzakuitanani yekha kuti mutembenuze tortilla.

Njira ina ndi ya timalo todyera ta mumsika, fonda. Sankhani kamodzi kamene kamadzaza anthu a komweko, muzidya pomwepo tsiku lililonse, nthawi imodzimodzi, mutakhala poti mukuona mphika. Pakatha masiku anayi kapena asanu, funsani mwaulemu ngati mungabwere m'mamawa kudzaona akukonza, ndipo nenani nokha kuti mulipira. Ena amakana, ndipo ndi ufulu wawo. Ena amavomera ndi mtima wonse. Apa ndinenepo mawu amene ali pamtima panga: luso limeneli ndi chuma cha amayi amene ambiri mwa iwo ndi osauka, ndipo alendo akhala akulitenga ulele n'kukalemera nalo kwawo. Lipirani bwino, m'manja mwa mayiyo mwini wake. Mukapita kumudzi kudzera mwa wotsogolera alendo, funsani kuti wophikayo alandira zingati. Pemphani musanajambule. Mukadzatsegula malo anu odyera, muzidzanena kumene munaphunzira.

Chilankhulo chisakugwetseni mphwayi. Kukhitchini mawu 100 amakwana kuyambira: maina a zinthu, manambala, kuotcha, kuwiritsa, kupera, kuviika, "zingati", "mpaka liti". Yambani lero, mphindi 20 patsiku. Mayi wamkulu mumutchule señora, kapena doña kutsogolo kwa dzina lake, ndipo mugwiritse ntchito usted, amene ndi "inu" wawo waulemu. Mukapeza anthu akudya mumati provecho. M'midzi ina agogo amalankhula Chizapoteki kuposa Chisipanishi, ndiye nonse mukhala mukulozerana ndi manja, ndipo zimatheka ndithu. Kope ndi cholembera zisakuchokeni. Amayiwa sayeza ndi sikelo, amati "dzanja limodzi", "pang'ono", "mpaka zinunkhire". Tengani kasikelo kakang'ono ka m'thumba, mupemphe kuyeza zimene atapa asanaziponye mumphika. Lembaninso maonekedwe ndi fungo, osati mphindi zokha, chifukwa Mexico City ili pamtunda wa mamita pafupifupi 2,240, pamene madzi amawira asanatenthe kufika madigiri 100, ndipo Oaxaca ili pa mamita pafupifupi 1,550. Nyemba zimachedwa kupsa kumeneko kusiyana ndi mmene zidzachitire m'khitchini mwanu ku Britain.

Pambuyo pa nixtamal, phunzirani tortilla yeniyeniyo. Kampira ka masa amakapana pakati pa mapepala awiri a pulasitiki m'chopanira, n'kukayala pa comal, chiwaya chafulati chadothi kapena chachitsulo, chopanda mafuta. Amatembenuza kawiri: koyamba m'mbali mukangoyamba kuuma, kachiwiri pansi pakachita timadontho tofiirira. Ikagona kachitatu iyenera kufufuma ndi nthunzi. Ikafufuma, dziwani kuti masa, moto ndi dzanja zagwirizana. Zoyamba zanu zidzapindika poyala, zina zidzapserera. Pitirizani. Masa yemweyo ndi amene amapangira tortilla zonenepa zotchedwa memelas, tetelas zokhala ndi nyemba mkati, tamales zophikidwa ndi nthunzi zitakulungidwa m'masamba, ndi phala lakumwa la atole, choncho mukamudziwa mwatsegula zakudya zambiri nthawi imodzi.

Kenaka tsabola. Ife tsabola timamudziwa ngati chowawitsa ndiwo, koma kumeneko tsabola wouma ndiye thupi la msuzi, ndipo mitundu yambiri siwawa kwenikweni. Pogula dziwani kuti dzina limasintha akauma: poblano wouma ndi ancho, chilaca wouma ndi pasilla, mirasol wouma ndi guajillo, jalapeño wofutsidwa ndi utsi ndi chipotle. Ku Oaxaca kulinso chilhuacle wa ku dera la La Cañada, wosowa ndi wokwera mtengo, ndi pasilla mixe wonunkhira utsi. Wabwino amapindika osathyoka, ndipo khungu lake limawala. Amamung'amba, kuchotsa njere, kumuotcha pa comal kwa timasekondi towerengeka mbali iliyonse, kumuviika m'madzi otentha, n'kumupera. Mukamupsereza, msuzi wonse wawawa ndipo palibe chowombola. Pali sitepe ina imene alendo ambiri amaidumpha: msuzi woperawo amauthira m'mafuta otentha n'kuukazinga akutakasa mpaka ude, ulimbe, mafuta ayandame pamwamba. Kukoma kumene mumakusowa m'malesitilanti ena kumachokera pamenepo.

Salsa ya tsiku ndi tsiku ndi yosavuta: tomato kapena tomatillo, kachipatso kobiriwira kofanana ndi jamu, tsabola wamuwisi, adyo, zonse zootcha pa comal mpaka zichite mawanga akuda, n'kuzisinja m'kamtondo kamwala ka molcajete, kuyambira adyo ndi mchere. Nyemba za mumphika, frijoles de olla, amaziphika ndi anyezi ndi tsamba la epazote, ndipo ku Oaxaca nyemba zakuda amazipera ndi masamba ootcha a mapeyala a komweko. Masamba a mapeyala amenewo ndi a mtundu wa ku Mexico wonunkhira. Musadzangothyola a mtengo uliwonse wa pakhomo n'kuthira m'chakudya.

Mole ndamusiyira kumapeto dala, ngakhale ndikudziwa kuti ndi amene amakopa aliyense. Oaxaca imatchuka ndi mitundu isanu ndi iwiri: negro, rojo, coloradito, amarillo, verde, chichilo ndi manchamanteles. Mole negro amalowa zinthu pafupifupi 30, kuphatikiza tsabola wa mitundu ingapo, chitowe, mtedza, nthochi yokazinga, sinamoni, buledi ndi chokoleti, ndipo chilichonse chimakazingidwa kapena kuotchedwa pachokha. Ndi chakudya cha ukwati, cha maliro, cha chikondwerero cha woyera mtima wa m'mudzi, chophikidwa ndi gulu la amayi kwa masiku. Mabanja ambiri tsiku wamba amangogula phala lake mumsika n'kulisungunula ndi msuzi wa nkhuku. Ndiye musadzione olephera mukapanda kumugonjetsa m'masabata awiri. Yambani ndi amarillo, amene amalimbitsidwa ndi masa n'kununkhiritsidwa ndi tsamba la hoja santa, wophika ndi nkhuku ndi zitheba. Ameneyo ndi wa pakhomo, ndipo mudzamuphikadi mukabwerako. Negro mukamuone kamodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, makamaka pamene amatentha dala njere za tsabola mpaka zide bii, n'kuziviika kuti kuwawa kuchoke. Chimenecho amachitira panja chifukwa utsi wake umatsamwitsa.

Nyengo nayo ili ndi mbali yake. Mvula imagwa kuyambira cha mu June mpaka September kapena October, ndipo ndi nthawi ya maluwa a maungu, ndiwo zamasamba, bowa ndi huitlacoche, chotupa chakuda cha pachisononkho chimene alimi athu amataya koma kumeneko ndi ndiwo yamtengo. Ku Puebla, chiles en nogada, tsabola wa poblano woikamo nyama mkati, amapezeka mu August ndi September. Masiku okumbukira akufa, pa 1 ndi 2 November, ndi pamene mole negro ndi tamales zimaphikidwa nyumba ndi nyumba, koma malo ogona amadula, ndipo mabanja amakhala otanganidwa ndi mizimu ya abale awo. Chimodzimodzi mu July pa chikondwerero cha Guelaguetza, mzinda umadzaza. Wofuna kuphunzira modekha asankhe masabata wamba.

Za nkhumba, muyenera kukhala tcheru, chifukwa imabisala. Nyama yooneka ndi yosavuta kuipewa: carnitas, chicharrón, chorizo, tacos al pastor. Ku Oaxaca, tasajo ndi ng'ombe koma cecina enchilada ndi nkhumba, ndipo zimapachikidwa moyandikana. Chobisalacho ndi mafuta ake, manteca, amene amalowa mu tamales, mu nyemba zokazinga, ndiponso pokazinga mole. Pa memela ndi pa tlayuda, tortilla yaikulu youma, amapakapo asiento, zotsalira pansi za mafuta omwewo. Lowezani mawu awa: "No como puerco ni manteca", kutanthauza kuti sindidya nkhumba kapena mafuta ake, ndi "sin asiento" pogula tlayuda. Uzani banja lokusungani ndi aphunzitsi anu musanafike, osati mphika uli pamoto. Tortilla za chimanga zilibe mafuta aliwonse. Pafupifupi zonsezi zimatheka ndi mafuta ophikira wamba kapena a nkhuku, kukoma kumangosiyana pang'ono. Ngati chikhulupiriro chanu chimafunanso nyama yophedwa mwa mwambo wake, imeneyo ndi yosowa ku Oaxaca, ndiye dalirani nyemba, mazira, tchizi, nsomba ndi masamba.

Tsopano za m'mimba. Madzi a pampopi musamwe. Nyumba iliyonse imagula madzi a m'zigubu zikuluzikulu, garrafón, ndipo masamba odya osaphika amawaviika m'madzi othira madontho ophera tizilombo. Idyani pamene pali mzere wa anthu, chakudya chikuchoka pamoto mukuona. Samalani ndi salsa imene yakhala padzuwa tsiku lonse, zipatso zosendasenda kale, ndi tchizi cha mkaka wosawiritsa, makamaka ngati muli oyembekezera. Masabata 6 mpaka 8 musananyamuke, kaonaneni ndi adokotala kapena anamwino a za maulendo, mufunse za katemera wa taifodi ndi wa matenda a chiwindi a mtundu wa A. Nyamulani timapaketi ta ORS. Kutsegula m'mimba kwa tsiku limodzi kapena awiri kumatha ndi kumwa madzi ambiri ndi kupuma. Koma mukaona magazi m'chimbudzi, thupi litatentha kufika madigiri 38 kapena kuposa, mukusanza chilichonse chimene mwamwa, mkodzo utachepa kwambiri, kapena masiku atatu adutsa osasintha, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Masitolo ambiri a mankhwala, monga Farmacias Similares, amakhala ndi dokotala m'kachipinda ka pambali pa mtengo wotsika, ndipo nambala ya ngozi ndi 911. Kutentha thupi kodza ndi mutu, kupweteka kuseri kwa maso ndi kuphwanya mafupa kutha kukhala dengue, matenda a udzudzu amene amachuluka nthawi ya mvula. Pamenepo musamwe aspirin kapena ibuprofen, imwani panado n'kukayezetsa, ndipo ngati munali kumudzi miyezi yapitayi auzeni ayezenso malungo.

M'khitchini momwemo mulinso zoopsa zake. Cal amaotcha khungu, ndipo akalowa m'maso tsukani ndi madzi ambiri kwa mphindi zosachepera 15 n'kuthamangira kuchipatala. Mukagwira tsabola musakhudze maso, sambani ndi mafuta kenaka sopo. Ngati muli ndi mphumu, talikirani utsi wa tsabola ndipo mankhwala anu akhale m'thumba. Ngati thupi lanu limadana ndi mtedza kapena chitowe, mole aliyense mufunse kaye, ndipo amene amadana ndi nkhanu apewe ziwala. Bowa wa kutchire musazule nokha. Chinanso chimene anthu ambiri sachidziwa ndi miphika yadothi yonyezimira ija. Yambiri imapakidwa mankhwala okhala ndi mtovu, umene umasungunukira m'chakudya chowawasa monga cha tomato ndi mandimu, ndipo umawononga ubongo wa ana. Mukafuna kugula, funani yolembedwa sin plomo kwa wogulitsa wodalirika, apo ayi gulani yosapaka.

Za mapepala ndinene mwachidule. Pasipoti ya Malawi imafuna viza yolowera ku Mexico, koma dzikolo limalola opanda viza yake amene ali ndi viza imene nthawi yake sinathe kapena chilolezo chokhazikika cha maiko ena, kuphatikiza United Kingdom. Mtundu wa chilolezo chanu ndi umene unganene, ndiye funsani ku ofesi ya kazembe wa Mexico ku London musanagule tikiti, ndipo yankho lawo mulisunge polemba. Ndege yodutsira ku United States imafuna viza ya dzikolo ngakhale mukungosintha ndege, choncho funani yolunjika kuchokera ku London. Chilolezo cha mlendo sichilola ntchito yolipidwa, ndiye wina akakuuzani kuti mugwire ganyu m'lesitilanti yake, kanani. Gulani inshuwalansi ya ulendo yolipira chipatala, ndipo werengani malangizo a boma la Britain a madera oyenera kupewa, chifukwa mukapita kumene analetsa inshuwalansiyo ikhoza kukana kulipira.

Pobwera, m'chikwama muikemo chopanira tortilla chachitsulo, kachigayo kopukusa ndi manja, ndi tsabola wouma wa guajillo, ancho ndi pasilla womata bwino m'mapaketi. Nyama ndi tchizi siziloledwa kulowa ku Britain, ndipo mbewu zodzala zili ndi malamulo ake, ku Britain ngakhalenso ku Malawi, choncho funsani a zaulimi musananyamule. Laimu wodyedwa amapezeka m'masitolo a amwenye pa dzina loti chuna. Wa m'munda sagwira ntchito imeneyi, ndipo womangira nyumba musamuyerekeze n'komwe. Phulusa la nkhuni zoyera, losefa bwino, limathanso kupanga nixtamal, ndipo madera ena a ku Mexico amatero. Kwa ife amene timadziwa kucheza chidulo cha therere, imeneyo si nkhani yachilendo. Kambuzi wathu ndi wa banja limodzi ndi habanero, ndiye salsa yowawa simudzaisowa. Tomato, anyezi, adyo, mapeyala, mandimu, nyemba ndi masamba a nthochi zonse zilipo pamsika uliwonse.

Chimene chidzakuvuteni kumudzi ndi kugaya. Zigayo zathu ndi za chimanga chouma, ndipo mwini chigayo sangalole kuti muthiremo chonyowa. Kwa banja, kachigayo ka manja kaja kamakwana mukabwereza kawiri kapena katatu. Kwa malo odyera, mudzafunika chigayo chamiyala chamagetsi, apo ayi muziyanika nixtamal padzuwa mpaka aume gwa, n'kukagayitsa ndi sefa yosalala kwambiri, ufawo muzikanda ndi madzi ofunda. Chimanga cha makolo, poti n'cholimba, chimafuna kuwira nthawi yotalikirapo ndi kugona m'madzi maola ochuluka kuposa cha haibulidi, ndiye mudzayese miphika ing'onoing'ono kaye musanaitane makasitomala. Masa amasasa msanga kukatentha: wa m'mawa agwire ntchito tsiku lomwelo, ndipo wotsala asapitirire masiku awiri m'firiji.